Mkulu Wokiya Mpopi

Eninyumba a mumpanda wina wa nyumba za lendi ndi mkulu wa imvi, ndipo kiyi wa mpopi amamuvala m'khosi ngati mkanda. Dzuwa likamawotcha chigwa chonse mpaka malata kumathetheka, iwo amakhala pansi pa mtengo umodzi wokha wa pabwalopo n'kumalondera loko wawo. Mpopiwo amatsekula m'mawa basi. Wina akadandaula, yankho lawo silisintha: "Madzi sagwa kumwamba, mwanawe."

Amene zimamuwawa kwambiri ndi mayi wa khanda wa m'chipinda chakumapeto. Tsiku lina masana mwana wake anatentha thupi, timilomo titauma gwaa, m'ndowa mulibe ndi dontho lomwe. Mayiyo anapita kukagwada pamaso pawo.

"Bambo, kapu imodzi yokha, ndimupukute mwanayu."

"Ukanasunga a m'mawa aja," anatero mkuluyo, osatembenuka n'komwe.

Mayiyo anabwerera chimanjamanja. Posakhalitsa kumwamba kunada bii, chimphepo chinabwera ndi fumbi, mabingu anagwedeza mazenera, kenako chimvula chinakhuthuka. Anthu onse anathawira m'nyumba, koma iye anatuluka n'kutchera ndowa pamene malata amagwetsera madzi.

Mkulu uja anatulukira atafunda thumba kumutu. "Iwe! Denga limenelo ndi langa, ndiye madziwonso ndi anga!"

Mayiyo ananyamula ndowa yake itadzaza, n'kuwayang'ana m'maso koyamba chisamukireni mumpandamo.

"Awa agwa kumwamba, bambo. Pitani mukakiye mtambo."

Analowa kukapukuta mwana wake, n'kuwasiya mkulu uja ataima pamvula, kiyi uja akudontha madzi pachifuwa.