Sutikesi ya Mabuku Inapita Naye Kumanda

Ndinadzuka kusanache, pampando womwe ndinagonapo panja. M'nyumba amayi a mvano anali akuimbabe, mawu atasasa. Kuseri moto unkangofuka utsi, poti nkhuni zinali zonyowa.

Mkazi wanga sanali mphunzitsi, koma kuno ku Makhanga makolo ankayamba afunsa iye asanagulire mwana buku kapena kumulola kupita ku vidiyo. Filimu ankayamba waionera yekha, kenako n'kunena kuti iyi ana aonere, iyi ayi. Anali ndi sutikesi ya mabuku ndi makaseti a nyimbo za Mulungu. Ankabwereketsa malinga ndi zimene zikuvuta pakhomo pa munthuyo.

Dzuwa litatuluka anthu anayamba kufika, ena pa bwato kuchokera ku Bangula, matope mpaka m'mawondo. Ambiri anabweza zimene anabwereka, zitakulungidwa m'majumbo. Palibe amene ankafuna kusunga katundu wa malemu m'nyumba mwake.

Ine ndinkafuna kuti zipite ku tchalitchi, anthu azibwerekabe. Koma amalume ake a malemu anauza adzukulu okumba manda kuti zonse zikwiriridwe pamodzi ndi mphasa ndi zovala zake, monga umachitira mtundu wawo. Ndinawatengera pambali.

"Amalume, mabukuwa akuthandiza anthu amoyo."

"Bambo, mwana wathu mwamusamala, tathokoza," anatero. "Koma maliro ndi athu."

Ndine mkamwini pamudzi pano. Ndinayang'ana abusa, iwo anayang'ana pansi.

Tinanyamuka masana, kukutentha, mitambo ikusonkhana. Mdzukulu wina anasenza sutikesi ija pambuyo pa bokosi. Kumanda tinapeza madzi atalowa m'dzenje, ndipo tinadikira kuti akape ndi ndowa. Madziwo sanathe onse. Sutikesi anaitsitsira m'madzi momwemo.

Akukwirira, mayi wina amene anaima pafupi nane anandinong'oneza kuti mwana wake wamkazi, amene anali atasiya zothawa pakhomo, anabweza buku ali pakati poliwerenga. "Ndiye tsopano awerenge chiyani, bambo?" Sindinapeze dzina la buku ngakhale limodzi loti ndimuuze. Mayiyo anadikira pang'ono, kenako anabwerera kwa anzake.

Madzulo mvula inagwa, anthu n'kubalalika. M'nyumba munatsala fungo la utsi ndi mikeka yopinda. Ndinatsitsa wailesi pawindo n'kutsegula polowetsa kaseti. Munalibe kanthu. Kaseti imene mkazi wanga ankamvera akudwala nayonso anthu anali ataichotsa. Ndinakhala pansi, wailesi ili pamiyendo, kumvera achule kudambo.