Matayala Atsopano a Galimoto ya Bwana

Amalume anga anali makaniko pa garaji ya chipatala cha boma. Anzawo ankawatcha a Sipanala, ndipo akazi awo amawatchabe choncho akapsa mtima. Nditabwerako kunja kwa dziko, ntchito isanapezeke, ndinkakhala kwawo. M'nyumba munkanditopetsa, choncho masana ambiri ndinkathera pa benchi ya m'garajimo.

Kuseri kwa garajiyo kuli bwalo la galimoto zogona pa miyala. Amalume ankati ukafuna kudziwa ngati m'thumba la boma muli kanthu, usavutike ndi wailesi, ungosuzumira pabwalopo. Chaka chabwino, zipangizo zinkabwera m'makatoni zikununkhira sitolo. Chaka choipa, iwo ankapita kukamasula chipangizo ku galimoto yakufa n'kuchimanga ku yamoyo. Ankati uku n'kupempha kwa achibale. Lamulo lawo linali limodzi: galimoto imene ingadzukenso, osaikhudza. N'chifukwa chake panalibe amene anawalozapo chala, ndipo popeza nthawi yopuma ntchito inali pafupi, ankafuna kutuluka pachipata ndi dzina loyera lomwelo.

Chaka chimenecho ndalama zinkabwera mochedwa, zochepanso. Ambulansi yoyenda inatsala imodzi, ndipo mvula itangoyamba pampu yake ya mafuta inafa. Kubwalo kunalibe ina, achibale onse anali atapemphedwa mpaka kutsala mafupa. Pampu yofanana nayo inali m'galimoto ya a dokotala aakulu, oyang'anira chipatalacho. Galimotoyo inali pa miyala chifukwa cha matayala okha, injini ili bwinobwino.

Ndinawauza amalume kuti kumene ndinali, munthu amangoitanitsa chipangizo lero, mawa n'kufika. Anandifunsa ngati dzikolo ndinabwera nalo m'chikwama, kuti ndiwabwereke. Kenako anavula ovololo, n'kusamba m'manja, ulendo wa ku ofesi.

A dokotala, mayi wosachulutsa mawu, anawamvetsera mpaka kumaliza. Anawauza kuti ndalama za matayala zavomerezedwa, ndipo oyendera ochokera ku likulu akadzapeza galimotoyo ilibe pampu, adzafunsa amene anamasula.

"Ndiye ndisamasule, bwana?"

"Sindinatero, a Sipanala. Ndangokuuzani pamene mwala udzagwere."

Amalume anabwerera n'kukhala pa benchi. Dalaivala wa ambulansi anawapeza pomwepo, n'kunena kuti ku chipatala chaching'ono chakutali aimbanso foni, kuli mayi amene akulephera kubereka. Amalume anavalanso ovololo, n'kukamasula pampu ija. Dzuwa lisanalowe ambulansi inatuluka, ndipo inabwera naye mayiyo.

Patapita milungu ingapo matayala anafikadi, onyezimira. Amalume anali atapempha kuti pa ndalamazo patsaleko za pampu, koma wowerengera ndalama anati za matayala ndi za matayala, iye sangapatutse, naye ali ndi ana oti adye. Choncho amalume anamanga matayalawo. Galimoto inatsika pa miyala, anthu anaikankha mpaka pamthunzi wa kutsogolo kwa ofesi, dalaivala wake n'kuitsuka.

Tsiku la oyendera, amalume anaima pambali pa galimotoyo, mawu atawakonza kale. Alendowo anaizungulira. Mmodzi anamenya tayala ndi nsapato, n'kunena kuti n'zosangalatsa kuona ndalama za boma zikufika pansi, zinthu zikuyenda. Palibe amene anapempha kiyi. Amalume atati atsegule pakamwa, a dokotala anaitanira alendo ku tiyi.

Madzulo ndinawauza amalume kuti apulumuka, agone tulo. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

"Mphwanga, ine ndapha galimoto yamoyo. Iwo kusafunsa sikuidzutsa."

Anapuma ntchito mvula itatha. Powatsanzika, a dokotala anawayamikira kuti zaka zonsezo sanatengepo ngakhale nati imodzi, anthu n'kuwomba m'manja, iwo atawerama. Galimoto ija ili pamthunzi pomwepo, ndipo mwezi ndi mwezi dalaivala amapopa matayala kuti asaphwe. A dokotala amabwera ku ntchito pa minibasi.

Masiku ano amalume amadzuka m'mawa n'kuzungulira kumene amagulitsa zipangizo zakale, kufunsa pampu ya mtundu umenewo. Akazi awo amati boma linawapumitsa a Sipanala, koma galimoto inakana. Sanaipezebe.