Bedi Lovala Nsapato

Dzulo ndikusuntha bedi m'nyumba mwanga ku Govan, mumzinda wa Glasgow ku Scotland, mwendo wake unalowa munsapato yanga. Ndinangokhala pansi, mtima uli kutali.

Titangofika ku Glasgow, ine ndi amayi tinkagona m'nyumba yosungira azimayi osowa pokhala ku Gorbals. Munali mabedi achitsulo ondondozana, ndipo munkanunkha mankhwala okolopera ndi majekete onyowa. Tsiku loyamba amayi anavula nsapato pakhomo, monga timachitira kwathu polowa m'nyumba ya eni. Kutacha, nsapato kunalibe, kunja kukugwa chipale chofewa.

Mzungu wina wokalamba, wopanda mano, amene ankagona pafupi nafe, ananyamula bedi lake n'kusolola nsapato ziwiri kumiyendo ya bedilo. Anawapatsa amayi. Iwo anagwada, nalandira ndi manja awiri.

"Amayi, bedi la agogowa limavala nsapato?" ndinanong'ona.

"Limamva kuzizira, mwanangu. Lathunso tiziliveka."

Ndinalimvera chisoni bedi lija, lotsala miyendo pamtunda.

Nditakula ndinadziwa kuti agogowo ankapanikiza nsapatozo ndi bedi poopa akuba. Koma ndi dzulo pamene ndinadzifunsa kuti agogo aja anaponda chiyani tsiku limenelo.