Mbale Imodzi Inatsala pa Galamafoni

Ndinadzuka tambala asanalire, ngati kumene kuja kunali kugona. Ndinali nditatsamira khoma pakati pa amayi amene anachezera kuimba pamaliro, mwendo utachita dzanzi. Kunja kunali kotentha ngati masana, kopanda ndi kamphepo komwe. Kuseri kwa nyumba moto unali utayaka kale, ndipo ena anali akupeta mpunga.

Bambo anamwalira dzulo lake dzuwa likulowa. Anagwira ntchito ya njanji ku Balaka zaka zambiri asanabwerere kwathu ku Ulongwe. Anzawo anapuma ndi chigayo kapena ng'ombe, koma iwo anabwera ndi galamafoni yopukusa ndi bokosi la mbale za jazi. Ankazipukuta mwachikondi choposa chimene ankatipukutira nacho ife mamina. Loweruka lililonse ankadzitsekera m'chipinda ndi mnzawo mmodzi, telala wa ku Balaka, n'kumakangana za oimba malipenga. Telalayo ankakonda mbale zodindidwanso, zopepuka, zosakanda m'makutu. Bambo ankati zimenezo ndi tiyi wa masamba ophikidwa kale. "Yeniyeni imalemera, ndipo imatsokomola," ankatero. Ine ndinkawamva pokalowetsa tiyi basi.

M'bokosimo munali mbale zisanu ndi ziwiri zimene zikanatimaliza. Anatumiza ndi bambo aang'ono, amene anathawira kunja nduna zitayambana ndi boma. Dzina lawo sitinkalitchula ngakhale chitseko chili chotseka. Kalata sankalemba, koma pakapepala ka pakati pa mbale iliyonse ankalembapo moni ndi dzina lawo lonse, ngati munthu woiwala dziko limene anachokera. Wopezeka ndi dzina limenelo m'nyumba ankatengedwa osabwerako. Ndipo tsopano woyankha za pakhomo anali achimwene anga, kalaliki ku Liwonde, bambo wa ana atatu.

Kutacha anthu anayamba kufika, ena panjinga, ena pa lole ya thonje yochokera ku Rivirivi. Mitambo yakuda inaunjikana cha ku mapiri a Machinga koma osagwetsa dontho. M'khamumo munali munthu mmodzi wa nsapato zowala. Sanakhale pamkeka, sanapepese aliyense. Anaima pansi pa mtengo wa mango, maso ali pa zenera la bambo. Palibe anafunsa ngati ndi wa kuchimuna kapena wa kuchikazi. Masiku amenewo funso lotere sitinkafunsa.

Achimwene anandiitanira kuseri kwa nkhokwe. Ankafuna kuponya mbalezo m'chimbudzi, koma kumeneko kunali mzere wa anthu. Kuziwotcha, fungo likanatiulula. Nzeru inachokera kwa telala, amene anabwera kudzadula nsanda. Jeneza, machira amene timanyamulira maliro, palibe amaiimitsa panjira kapena kuvundukula nsalu yake. Anati mbalezo zigone pansi pa mkeka, pansi pa bambo. M'manda sizingalowe, poti kwathu munthu amapita ndi nsanda yokha, koma zibwerera ndi jeneza ku mzikiti, ndipo iye ndi achimwene akazichotsa kumeneko anthu atabalalika. Ndinachita manyazi pamaso pa Mulungu, komabe ndinavomera. Ndinamuthokozanso telalayo, nditagwada. Osambitsa maliro atatuluka, awiriwo anatsalira m'nyumba kanthawi.

Dzuwa litapendeka jeneza inatuluka. Amuna ankailandirana phewa ndi phewa, mwachangu monga mwa mwambo, akutchula dzina la Mulungu. Ine ndinatchera khutu kuopa kuti mbale zigundana, koma sindinamve kanthu. Akazi sitipita kumanda. Tinaima kumapeto kwa bwalo mpaka fumbi lawo linazimirira kuseri kwa dambo, ndipo pamudzi sipanatsale mwamuna.

Anatsala mmodzi, wa nsapato uja. Analowa m'nyumba osaodira, nsapato zili kuphazi. Amayi onse analeka kulira, aliyense maso pansi. Ndinamutsatira n'kuima pakhomo pa chipinda. Anatsegula bokosi n'kuyamba kutulutsa mbale imodziimodzi, akuigwira m'mphepete ngati munthu amene anachita kuuzidwa kagwiridwe kake. Anatenga nthawi yaitali, osafulumira. Sanapeze kanthu, ndipo mtima wanga unayamba kutsika. Kenako anatukula chivundikiro cha galamafoni.

Pamenepo panali mbale imodzi, imene bambo anamvera komaliza asanagone pamphasa. M'changu chathu tonse tinafufuza m'bokosi mokha. Munthuyo anawerenga dzina la bambo aang'ono mosatulutsa mawu, n'kuiyesa kulemera padzanja.

"Mayi, iyi ndiye yeniyeni," anatero. "Imalemera, ndipo imatsokomola." Anaibwezera n'kutseka bwinobwino. "Isungeni. Zinzake zisanu ndi imodzi zija zitikwanira."

Mawu amenewo bambo sankawanena pabwalo kapena kumsika. Ankawanena m'chipinda chimenecho, mmene munkakhala anthu awiri okha, ndipo mmodzi wa iwo anali atatuluka pa jeneza. Winayo, telala, ndi amene ankapita ndi achimwene ku mzikiti.

Ndinathamanga wopanda nsapato, mpango utagwa. Azakhali anakuwa kuti mwana wamkazi sapita uko, koma sindinacheuke. Padambo ndinakumana ndi amuna akubwerera, dothi lili m'manja. Ankayenda mwakachetechete, ndipo palibe anandiyang'ana kumaso. Kutali, cha ku msewu waukulu, galimoto inali kuutsa fumbi. Mkulu wina anaima n'kundipatsa chisoti cha achimwene. Anangoti chinagwera pakhomo pa mzikiti.

Telala anabwerera ndi anzake. Anasamba m'manja, anadya mpunga, anawonjezeranso. Potsanzika anabwera pamene ndinakhala n'kuwerama.

"Pepani mwanangu. Limbani mtima."

"Zikomo, che telala," ndinayankha.

Panalibe china chimene ndikanayankha pamaso pa anthu onsewo, poti sindinkadziwa kuti ena ndi ati. Sindinadanepo ndi munthu ngati mmene ndinadanirana naye masana amenewo, ndipo ndinadzida ndekha chifukwa cha kugwada kuja.

Madzulo mvula sinagwe. Moto unazima, lole inapita, mikeka inapindidwa. Alamu anga anakhala pakhonde ndi ana awo atatu, maso ali kumsewu, chakudya cha amuna awo atachivundikira. Odutsa ankaganiza kuti tikulira maliro amodzi. Ndinalowa m'chipinda cha bambo n'kuika chisoti pamwamba pa galamafoni. M'nyumba munali zii. Pawindo panali makapu awiri amene ndinkawatsuka Loweruka lililonse. Ndinatenga ya telala n'kupita nayo kuchimbudzi, kumene tsopano kunalibe mzere.