Mapepala Anayi a Solofa Amene Ndinapita Nawo ku Kande

Ndinanyamuka pa Mpamba Loweruka cha m'ma 6 koloko m'mawa, nditavala jekete yanga ya kutchalitchi. M'chikwama munali kope la nyimbo la malemu mkazi wanga, NyaLongwe, ndi mapepala anayi amene ndinatha masiku atatu ndikulemba.

Mwana wathu Ulemu amaphunzitsa nyimbo ku Mzuzu, ndipo amaimba sakisofoni, lipenga lokhota lija, m'kagulu ka anthu atatu. Amati ndi jazi. Anandiimbira foni kupempha kuti tsiku limenelo, pa malo ena ogona alendo ku Kande, aimbe nyimbo imene amayi ake anapekera kwaya ya kumpingo kwathu. "Mubwere m'mawa mudzamve tikuyeserera," anatero. "Mukakana, masana sitiimba." Chiikireni maliro zaka ziwiri zapitazo palibe anaiimbapo nyimboyo, ndipo ine ndi Ulemu tinkangokambirana za mvula ndi za mankhwala anga.

Pa foni pomwepo ananena kuti iwo saimba ndi pepala. Ine ndakhala mlembi wa kwaya zaka zambiri, choncho ndinawamvera chisoni poganiza kuti alibe wowalembera. Ndiye ndinakopera nyimbo yonse m'solofa: sopulano, alito, tena ndi besi, aliyense pepala lake.

Sienta inanditenga ndi K3,000 mpaka pa mphambano ya ku boma. Tinalimo anthu asanu ndi anayi ndi nkhuku imodzi, imene inali ndi malo abwino kuposa ine. Pa Limphasa tinapitirira alimi akukankha njinga zolemedwa ndi matumba a mpunga. Pa mphambano ndinakwera minibasi yolowera ku Dwangwa. Kondakitala anati K8,000, ndipo sanasinthe maganizo ngakhale anaona imvi zanga.

Tikudutsa m'mitengo ya mphira, momwe ndinagwiramo ntchito mpaka kupuma, mayi amene anakhala pambali panga ndi beseni la ufa wa kondowole anandipatsa moni.

"Mwe uli, ada?"

Ndinayankha m'Chitonga, koma iwo anaseka natembenukira ku Chichewa. Lilime langa la ku Ntcheu silibisika.

"Ulendo wa kuti ndi jekete yotereyi? Kuli ukwati?"

"Ndikukamvera jazi."

"Zija za mabanjo a zigubu? Munthu wamkulu ngati inu?"

"Nanenso ndikukaona kumene, ama."

Pa Chintheche tinaima pafupifupi ola lathunthu kudikira anthu. Ndinagula chinangwa chophika ndi nsomba imodzi yokazinga ya batala pa K2,000, ndikudya mosamala kuti mafuta asadonthere mapepala. Tinafika pa Kande 10 koloko itadutsa. Njinga yamoto inafuna K1,500 mpaka kunyanja, koma pa mchenga wambiri ndinapempha kutsika n'kuyenda wapansi.

Ulemu ndi anzake ndinawapeza m'chisakasa chaudzu. Mbali ina kunali kogulitsira mowa, ndiye ndinakhala mokufulatira. Ulemu anagwada pang'ono n'kundigwira dzanja, kenaka anandionetsa anzake. Woyamba anali Yohane wa ku Zomba, woimba besi, chigitala chachitali ngati munthu choimika pansi. Wachiwiri anali a Kamanga, msodzi wachikulire wa pa Kande pomwepo, amene anali ndi kang'oma, chikho choimbira gule wa malipenga ndi beseni lodzaza madzi. Ndinaganiza kuti beseni ndi losambira m'manja.

Ndinatulutsa mapepala n'kugawa.

"Ada, ine ndili pati apa?" anafunsa a Kamanga.

"Inu ndinu alito."

Yohane anatsamira besi yake ndi kuseka. "A Kamanga alito! Ndi ndevu zonsezi?"

A Kamanga anamuloza chala. "Iwe wa ku Zomba khala chete. Chigitala chakocho tsiku lina tidzapita nacho kokapha usipa."

Ulemu sanaseke. Anapinda pepala lake bwinobwino n'kuliika m'bokosi la lipenga. "Tisunga, adada. Koma mumve kaye."

"Nanga popanda pepala mudziwa bwanji poyambira ndi pothera?"

"Pokoka khoka ndani amagwira pepala?" anatero a Kamanga. "Umangomva pa chingwe kuti mnzako wakoka."

Atayamba, ine sindinadziwe kuti ayamba. Ndinkayesa akukonza zida. A Kamanga ankamenya madzi a m'beseni ndi chikhatho, thapu, thapu, nthawi zina n'kumiza chikho kuti chilire ngati chule. Yohane ankakoka nsambo imodzi yokha, kuisiya mpaka kulira kwake kuthe, n'kuikokanso. Lipenga la Ulemu linkatulutsa mpweya wokhawokha, ngati munthu wopuma atakwera phiri. Ndinayesa kuwerenga ndi chala pa bondo, koma ndinasochera ndisanafike pa eyiti. Chimene ndinaona n'chakuti palibe ankayang'ana chida chake. Aliyense ankayang'ana mnzake.

Kenaka mzere woyamba wa nyimbo unatulukira, koma modukaduka, manoti atatu apa, awiri uko. Ndinaganiza kuti ataya njira. Mwachizolowezi cha m'kwaya ndinayamba kung'ung'udza tena yanga chapansipansi kuti ndiwathandize. Yohane anadzutsa mutu, namwetulira, ndipo besi inayamba kuyenda pansi pa mawu anga. A Kamanga anandiyankha ndi chikho. Ndinachita manyazi, koma kusiya pakati kukanakhala mwano, ndiye ndinapitiriza.

Titafika kumapeto kwa mzere wachiwiri, m'kope muli mi, kenaka do. Ulemu sanatsike choncho. Anatsetsereka kuchoka pa mi, naima pakati pamene palibe dzina, nakwerako pang'ono ngati wakumbuka kanthu, ndiye n'kutera.

Mawu anga anathera pomwepo.

NyaLongwe ankaimba choncho. Ankaimba choncho kuseri kwa nyumba akusenda chinangwa chovuula m'madzi. Tsiku limene ndinkamulembera nyimboyi m'kope ndinamuuza kuti pamenepo palibe noti, asankhe mi kapena re. Anandiyang'ana, naseka, nati, "Lembani zimene zikulembeka." Kwaya inaimba zanga zija zaka zonsezi, ndipo ine ndinafika poiwala kuti ndinawongolapo kanthu. Mwana amene ankasewera pa miyendo ya amayi ake ndi makoko a chinangwa ndiye anasunga zenizeni.

Atamaliza, Ulemu anatsitsa lipenga. "Adada?"

A Kamanga anayamba kupukuta manja mosafunikira.

"Imbani," ndinatero. "Koma anthu muwauze dzina la mwini wake, ndiponso kuti ndi pemphero." Kenaka ndinafunsa Ulemu kuti, "Pa mzere wachiwiri paja, ungabwerezenso?"

Anabwereza kawiri. Kachitatu sanathe, ndipo sindinamukakamize.

Masana cha m'ma 2 koloko kunabwera anthu okwana mabenchi asanu: alendo, aphunzitsi, ndi asodzi obwera kudzaona a Kamanga akumenya beseni. Ulemu anatchula dzina la amayi ake, ndipo bambo wina anaika botolo lake pansi pa benchi. Nyimbo inatuluka mosiyana kotheratu ndi ya m'mawa. Nditafunsa Yohane ngati analakwitsa, anati ayi, mawa ingatulukenso mwina. Zimenezo sindinazimvetsebe. Koma kutsetsereka kuja kunalipo.

Pobwerera minibasi inati K9,000, msewu womwewo. Ulemu anandiperekeza mpaka pa siteji, ndipo njira yonse tinakamba za amayi ake, osati za mankhwala.

Nditafika pa Mpamba ndinatsegula kope ndi pensulo m'manja kuti ndikonze chimene ndinalakwitsa. Ndinayesa kadontho, ndinayesa kamzere, koma solofa ilibe chizindikiro cha malo amenewo. Ndinafufuta mi uja, ndipo pamwamba pa mpata wotsalawo ndinalemba kuti: "Apa funsani Ulemu."