Tsiku Lovula Jasi

Mumsewu mwathu muno chisanu sichitha chifukwa choti kalendala yanena. Chimatha apongozi anga akavula jasi.

Apongozi angawo, bambo a mwamuna wanga, amasoka nsapato pakhonde la golosale, ndipo akhala pa kabenchi komweko zaka zoposa makumi atatu. Dzina lawo lenileni linatsala pa chiphaso. Msewu wonse umawadziwa kuti a Jasi. Jasilo ndi lakuda, kapena ndinene kuti linali lakuda, lofika m'maondo, la mabatani asanu osafanana ngakhale awiri. Amalivala tsiku loyamba kuzizira, osalivulanso mpaka iwo eni atatsimikiza kuti chisanu chapitadi. Tsikulo amafika pakhonde, kuimirira, kumasula mabatani limodzilimodzi ngati akutsegulira msonkhano, n'kulikoloweka pa msomali wa pakhoma. Pofika masana, zingwe zonse za mumsewu zimakhala zitalemedwa ndi mabulangete ochapa.

Musaseke. Ine nditangokwatiwa ndinaseka, n'kuchapa mabulangete anga jasi lili pathupi. Kunagwa chifunga cha masiku anayi, tinafunda makatani. Kuyambira pamenepo ndinaphunzira ulemu. Ngakhale mayi wa golosale, amene samvera munthu, ankadikira jasilo kuti achotse mafuta odzola pa kauntala n'kuyatsa firiji ya zakumwa.

Sikuti apongozi ankalota ayi. Anali ndi mboni zitatu. Yoyamba inali bondo lawo lamanzere, likasiya kuwawa m'mawa. Yachiwiri anamzeze, akabwerera ku zisa zawo pansi pa denga la golosale. Yachitatu, imene ankaikonda ngati mwana, mtengo wa mapichesi wa pambali pa malo ometera, ukatulutsa timaluwa tofiirira nthambi zikadali zopanda tsamba. Mboni zikagwirizana, mlandu watha. Masiku amenewo munthu wamkuluyu ankasanduka wina. Tiyi ankamwera panja, dzuwa litawafika pamiyendo. Ankayamikira guluu kuti wayamba kuuma msanga, ankaimba mluzu, mpaka kumapereka moni kwa anthu ovala nsapato za pulasitiki, amene masiku ena onse amawayesa adani.

Adaniwo ndiye achuluka. Nsapato za lero zikang'ambika amangotaya, ndipo pali masiku amene apongozi amabwerera kunyumba singano isanalowe pachikopa. Chimene chinawatsalira mumsewu muno n'chimodzi: tsiku limodzi pachaka anthu onse amayang'ana kwa iwo. Ndicho chimene chinali pangozi chaka chino.

Mboni zinawathawa. Wometa anakuza malo ake n'kudula mtengo wa mapichesi. Mayi wa golosale anakhoma matabwa pansi pa denga, anamzeze anafika, kuzungulira kawiri, n'kukafuna lendi kwina. Bondo nalo linasiya kusankha nyengo, likungowawa tsiku ndi tsiku. Kuwonjezera apo, wometa yemweyo anagula foni yonena zanyengo za masiku khumi akutsogolo, ndipo munthu wometa akadziwa kanthu, dziwani kuti msewu wonse wadziwa.

"Madala, foni ikuti chisanu chatha," anatero m'mawa wina ali pakhomo pake, lumo lili m'manja. "Vulani, mupsa."

"Foni yakoyo ili ndi bondo?" anafunsa apongozi osadzutsa mutu.

Anthu anaseka, koma kuseka sikuletsa kuchapa. Lachiwiri lotsatira bulangete loyamba linaoneka pachingwe cha aphunzitsi a nyumba yapakona. Lachitatu msewu wonse unali mbee ndi zoyanika. Mayi wa golosale anachita manyazi pang'ono, anatuluka ndi kapu ya tiyi.

"A Jasi, musadandaule, inetu sindinachape. Ndangoti awombedwe mphepo."

Pamene ankanena izi mabulangete akewo anali kudontha madzi kuseri kwa mpanda, tonse tikumva.

Apongozi anamanga batani lapakhosi. Kunatentha sabata imeneyo, mitengo ya m'misewu ina inaphuka, ana anavula majuzi, koma iwo ali phee m'jasi, thukuta lili kamukamu, akusoka sandasi ya munthu. M'mawa uliwonse ankaima pabwalo n'kuyang'ana kumwamba. Sindinaonepo munthu wina akupempherera chifunga ngati mmene anachitira iwo.

Ine ndiye ndinapsa mtima, ndisaname. Timakhala nawo nyumba imodzi, choncho chingwe changa chokha ndicho chinali chopanda kanthu mumsewu wonse, dzuwa labwinobwino likungopita pachabe, mabulangete akununkha miyezi itatu ya mazenera otseka. Nditadandaula kwa mwamuna wanga, anayankha ali chigonere pampando.

"Asiyeni bambo, amayi. Galu wamkota sakandira pachabe."

"Miyambi ndiye muli nayo," ndinatero. "Koma sindinakuoneni mwagwirapo sopo."

Loweruka ndinapinda mabulangete onse asanu, ngakhale la apongozi lomwe, n'kuwalonga m'zikwama, n'kudzera njira yakuseri kupita kwa mng'ono wanga. Kumeneko ndinachapa, kuyanika, madzulo n'kubwera nawo ouma, ndikuyenda monyang'ama ngati ndaba katundu wanga yemwe. Ndinadalira kuti mphuno imene yanunkhiza guluu zaka makumi atatu singamve fungo la sopo.

Chifunga sichinabwere. Patatha sabata ziwiri, Lolemba m'mawa, ndinali m'golosale kugula mchere pamene ndinawaona apongozi pazenera akuimirira. Anatsokomola pang'ono, monga amachitira chaka chilichonse. Anamasula batani loyamba, lachiwiri, mpaka lachisanu, osafulumira. Wometa anali kalikiliki ndi mutu wa kasitomala. Mayi wa golosale ankakangana ndi wobweretsa buledi. Aphunzitsi anadutsa pomwepo, kupereka moni maso ali pa foni. Apongozi anakoloweka jasi pa msomali n'kutembenuka kuyang'ana msewu. Panalibe amene anawayang'ana. Anaima choncho ndi shati yokha, ndipo m'pamene ndinaona mmene awondera chaka chino, khosi lili lende m'kolala. Chisoni chinandigwira, mkwiyo wonse uja n'kuzimiririka.

Mchere ndinausiya pa kauntala. Nditafika kunyumba ndinasolola mabulangete asanu aja pamabedi, oyera, onunkhira, n'kuwaponya m'bafa lalikulu pabwalo. Ndinathira madzi, ndinathira sopo, n'kuyamba kuponda ngati wolipidwa. Mwamuna wanga anasuzumira pazenera, kutsegula pakamwa, ndinangomuyang'ana kamodzi, iye n'kutseka.

Apongozi anabwera masana kudzadya, jasi lili pamkono. Anandipeza ndikutsukuluza bulangete lachitatu. Anaima pambali pa bafa nthawi yaitali, akuyang'ana madzi amene ndinali kukhuthula.

"Mwayamba kuchapa, mayi?"

"Nanga si mwavula jasi, Bambo."

Anagwedeza mutu. Maso awo anali pamadzi pomwepo.

"Koma madzi ake ndi oyera bwanji."

"Chaka chino sitinadetse kwambiri," ndinatero, nkhope ili pansi.

"Eya," anatero. "Ndi choncho."

Ndinadziwa kuti adziwa, ndipo ndinadikira kuti andidzudzule, kapena alowe m'nyumba osanena kanthu, zimene zikanapweteka kuposa. Koma anaika jasi pa mpando, kupinda manja a shati mpaka m'zigongono, n'kugwira mbali ina ya bulangete. Tinafinya awiri, iwo kupotoza uku ine uko. Nditanyamula kuti ndikayanike pa chingwe chakuseri kumene dzuwa limakhalitsa, anandiimitsa.

"Kumeneko ayi, mayi. Yanikani kutsogolo, anthu aone."