Mawu a m'chikuta ndinawatengera ku yunivesite

Pali chinthu chimene sindinauzepo mwamuna wanga, ngakhale apongozi anga. Mawu amene azimayi anandiuza kuchipinda tsiku limene ndinatuluka m'chikuta ndi mwana wanga woyamba, mawu osayenera kulowa m'khutu la mwamuna, ndinawamasulira m'Chingerezi n'kuwawerenga pamaso pa kalasi yonse ku yunivesite. Ndipo amuna analimo, osati mmodzi.

Zinayamba ndi mantha. Tsiku limenelo apongozi anabwera kwathu ku Estates kuno ku Kafue kuchokera ku komboni ya Nangongwe, ali ndi anzawo awiri a kwawo ku Katete. Mwana wawo, mwamuna wangayo, anamuthamangitsa: "Iwe, yenda ukaone sitima ku siteshoni." Atatseka chitseko anayamba kundilangiza za kasambitsidwe ka khanda, za liwombo, za zakudya zobweretsa mkaka, kenako za m'banja zimene sindingalembe pano. Ine ndine munthu wa nkhawa. Ndinkaopa kuti ndiiwala chimodzi, mwana n'kudwala chifukwa cha ine. Ndiye ndinatsegula chojambulira mawu pafoni, n'kuilowetsa pansi pa pilo.

Patapita chaka ndinayamba maphunziro omasulira. Satifiketi yanga ya kukoleji inali itatopa kugona m'sutikesi. Loweruka lililonse ndinkasiya mwana kwa apongozi, n'kukwera minibasi ya ku Lusaka mtima uli m'mwamba ngati wa mwana wa giredi wani. Phunziro la Chingerezi chapamwamba ndiye linandigwira. Aphunzitsi athu, mayi wamfupi woyenda mothamanga, ankati Chingerezi chili ndi zovala zambiri. Pali cha kukhoti, cha kuchipatala, cha pamaliro, cha munthu wokalipa koma akukukonda. Ine ndinkadziwa chimodzi chabe, cha makalata a muofesi!

Kenako anatipatsa asayimenti: tipeze mawu olankhulidwa ndi munthu weniweni, osati a m'buku, tiwamasulire mwakuti wowerenga amve munthuyo akupuma. Anzanga anajambula makondakitala ndi alaliki. Ine ndinakumbukira foni ija.

Milungu itatu ndinagwira ntchitoyo, mwana ali kumsana, dikishonale nditaitsamiritsa pa chitini cha shuga. Poyamba apongozi ankatuluka ngati kalata ya boma. Ndinang'amba. Ndinayambanso, ziganizo zazifupi, zoluma, zotsatana ndi nthabwala monga amachitira iwo. Masana ena ndinawerenga mokweza ndime ina, ndipo ndinawamva, iwo enieni, akundikalipira m'Chingerezi. Ndinakuwa mpaka mayi woyandikana nafe anathamangira pakhomo, kuganiza kuti mwana wagwa.

Kunena zoona, za mwambo sindinaziganize n'komwe. Ndinaledzera ndi ntchito.

Tsiku lowerenga, ndinawerengera kalasi zonse, ndi za m'banja zomwe. Nditamaliza anaomba m'manja. Aphunzitsi anavula magalasi n'kunena kuti chaka chonse sanaonepo yotere. Ndinkafuna kuvina. Pomwepo bambo wina wachikulire, womasulira kukhoti, anakweza dzanja.

"Amayi, ine nakhala mu chikwati zaka zambiri, koma izi sininazimvepo. Kansi ndiye zimene mumakamba mukatipitikitsa?"

Onse anaseka. Aphunzitsi anawonjezera kuti akufuna ntchitoyo ilowe m'kabuku kophunzitsira ena obwera pambuyo pathu, koma mwini mawu asayine kaye fomu yovomereza.

Mu minibasi yobwerera ku Kafue ndinkamwetulira ndekha, kenako thukuta, kenako kumwetulira. Dzina langa m'buku! Koma apongozi ndiwo amandisungira mwana kuti ndiphunzire. Ndiwo anauza mwana wawo kuti, "Muleke ayende kusukulu." Atadziwa kuti zachinsinsi zawo zinaseketsa amuna ku Lusaka, ndingawayang'anenso bwanji?

Ndinachotsa masamba onse a za m'banja, n'kusiya a khanda okha. Aphunzitsi anadandaula, koma anavomera. Lolemba ndinapita ku Nangongwe, ndinawapeza apongozi pakantemba kawo akupanga milu ya tomato. Ndinagwada pafumbi pomwepo, n'kuwauza kuti tsiku lija ndinawajambula mawu.

"Unaniika mu foni? Ine ndine woimba?"

"Ninaopa kuiwala, amama."

"Mantha ako iwe! Manje ufuna chani?"

Nditawafotokozera za kabuku ndi fomu ija, ndinawawerengera Chingerezicho, ndime ndi ndime, ndikuwauza pamene tafika. Pa ndime ya madzi osambitsira mwana, pamene amati chigongono changa si chokongoletsera koma choyesera kutentha kwa madzi, anagwira pakamwa.

"Ndine uyo? Nikamba Chizungu monga nesi!" Anaitana mayi wogulitsa makala pafupi. "Bwera umve, nili ku yunivesite ine!"

Anandibwerezetsa katatu. Wogula wina anaima ndi tomato m'manja mpaka kumapeto. Kenako apongozi anatsitsa mawu, nandikokera pafupi.

"Nanga zija za kuchipinda?"

"Mu pepala iyi mulibe, amama."

"Wachita bwino, mwana wanga. Zija n'zathu."

Anapukuta manja pa chitenje, nasayina fomu ija pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi.

Kabukuko kakutuluka temu ikubwerayi, ndipo ntchito yanga ili koyambirira. Ndikaganiza, miyendo imafuna kudumpha yokha. Masamba ena aja ndinawaotcha pambaula, mawu a pafoni ndinafufuta. Koma Loweruka lililonse ndikamawapatsira mwana, amauza aliyense wodutsa kuti, "Uyu ndiye womasulira wanga," ine n'kuseka, n'kuthamangira minibasi.

Bodza sindinaname, m'pepala lija munalibedi. Koma anthu aja anamva, ndipo bambo wa kukhoti uja amandisekererabe tikakumana pakhonde. Inu amene mwawerenga, makamaka azimayi anzanga amene munakhalapo kuseri kwa chitseko chotere, ndinachita bwino kuwasiya apongozi ndi chimwemwe chawo? Kapena Loweruka likubwerali ndigwadenso, ndiwauze zonse?